Pepala la ku labotale likati “lymphoid”, kodi ndiye kuti ndi khansa ya m’chifu?

Mwezi wathawu kwathu kunatsala pang’ono kuchitika maliro a munthu wamoyo. Alamu anga, omwe amagula usipa ku Senga Bay n’kumakagulitsa ku Lilongwe, akhala akudandaula m’mimba kwa zaka ndithu: chilungulira, kugeyageya, kuwawa pansi pa chifuwa makamaka m’bandakucha. Tonse tinkangoti ndi ma ulcers, iwo n’kumagula timapiritsi pa golosale, geni n’kumapitirira. Ululu utanyanya anawatumiza ku Lilongwe, komwe anawalowetsa kachubu ka kamera kukhosi mpaka m’chifu, n’kutsinako tinyama tokapima. Patapita milungu anabwera ndi pepala. Linali la Chingerezi cha madokotala, mizere yochepa chabe, ndipo pakati pake panali mawu akuti Helicobacter pylori ndi ena akuti lymphoid follicles.

Mwana wawo wa Fomu 4 anatenga foni n’kulemba mawuwo pa Google. Zomwe maso ake anagwerapo ndi lymphoma, khansa. Pofika madzulo uthenga unali utafika kwa achibale ku Chipoka mpaka ku Joni. Achemwali anga akulira kuseri kwa nyumba, amalume akuwerengera kuti thandala ndi njinga yamoto zingagulitsidwe zingati, ena akunong’ona za sing’anga. Eni ake anangokhala pakhonde duu, nsima osaikhudza. Chonsecho adokotala anali atawauza kuti ndi kutupa kwa chifu kobwera ndi bakiteriya, amwe mankhwala milungu iwiri. Koma mukudziwa mmene timachitira: timati adokotala amabisa, zoona zili papepala.

Ine sindine dokotala. Koma nkhaniyi inandisowetsa tulo moti ndinakhala pansi kufunsa odziwa ndi kuwerenga, ndipo ndaona kuti ndigawane nanu, chifukwa m’Salima muno anthu a “ma ulcers” ndi osawerengeka. Mawu awiriwa, lymphoid ndi lymphoma, ndi apachibale ndithu, ndipo nthawi zina ngakhale akatswiri amatuluka nawo thukuta kuti awasiyanitse. Koma si chinthu chimodzi.

Kachirombo kokhala m’asidi

Helicobacter pylori ndi bakiteriya wopotokapotoka yemwe amakhala m’chifu. Kale madokotala ankakhulupirira kuti m’chifu simungakhale chamoyo chifukwa cha ukali wa asidi, ndipo zilonda za m’mimba ankazinamizira nkhawa ndi tsabola. Mu 1982 madokotala awiri a ku Perth m’dziko la Australia, Robin Warren ndi Barry Marshall, anakwanitsa kumera kachiromboka mu labotale. Anzawo sanawakhulupirire. Mu 1984 Marshall anachita zamutu: anamwa yekha madzi odzadza ndi tiziromboti, ndipo patangopita masiku chifu chake chinatupa. Mu 2005 awiriwa analandira mphotho ya Nobel. Izi zisanachitike, mu 1994, IARC, nthambi yofufuza za khansa ya World Health Organization, inali itaika kale bakiteriyayu m’gulu la zinthu zomwe zimayambitsa khansa.

Kachiromboka kamabisala m’zoterera zomwe zimakuta khoma la chifu, n’kumatulutsa mankhwala ake ofooketsa asidi pamalo pomwe kali. Ambiri timakatenga tili ana, pakhomo pomwe, kudzera m’kamwa kapena m’madzi ndi chakudya chomwe chakhudzana ndi chimbudzi. Ku Africa kuno kafukufuku amaonetsa kuti anthu pafupifupi 7 mwa 10 alionse ali nako. Ndiye ngati munakulira m’mbali mwa nyanja muno, kumwa pachitsime chimodzi ndi kudyera mbale imodzi ngati tonsefe, musadabwe akakupezani nako.

Koma tamverani apa. Ambiri mwa omwe ali nako amakalamba osamva kanthu. Mmodzi kapena awiri mwa 10 ndi omwe amadzakhala ndi zilonda. Khansa yodziwika ya m’chifu imagwira mmodzi mpaka atatu pa 100. Lymphoma yomwe tikukamba pano ndi yosowa kuposa pamenepo, osakwana mmodzi pa anthu 1,000 omwe ali ndi kachiromboka, ndipo kawirikawiri imapezeka mwa anthu opitirira zaka 50.

Mwanabere wa m’chifu

Aliyense amamudziwa mwanabere. Ukapunthwa chala n’kutukusira, m’mphechepeche mumatuluka kachotupa kowawa. Chala chikapola, iye amaphwa yekha. Mwanabere ndi msasa wa asilikali a m’thupi, maselo oyera omwe madokotala amawatcha ma lymphocyte. Akamva kuti kwalowa mdani amasonkhana, n’kuchulukana, msasa n’kufufuma. Mawu akuti lymphoid amangotanthauza zimenezi basi: chinthu chopangidwa ndi asilikali amenewa.

Chodabwitsa n’chakuti chifu cha munthu wabwinobwino sichikhala ndi misasa yotere. Matumbo ali nayo chibadwire, kukhosi iliko, koma m’chifu ayi. Helicobacter akakhazikika, thupi limatumizako asilikali, ndipo popeza mdaniyo sachoka, nawo amamanga timisasa tawo m’khoma la chifu momwemo. Timisasa timeneti ndi tomwe analemba papepala la alamu anga kuti lymphoid follicles. Ndi chizindikiro chakuti thupi likulimbana ndi bakiteriya, ndipo timapezeka mwa anthu ambiri omwe ali naye. Pakamera nthawi zina timaoneka ngati khungu la nkhuku yososola, makamaka mwa ana ndi achinyamata. Bakiteriya akaphedwa, timafota pang’onopang’ono.

Vuto limabwera nkhondo ikatenga zaka 30, 40 osatha. Asilikali amagawikana tsiku ndi tsiku, ndipo pogawikana kosalekezako mmodzi akhoza kulakwika. Wolakwikayo amayamba kubala ana ofanana naye ndendende, osamveranso lamulo loti basi lekani. Imeneyo ndiye lymphoma. Mtundu wake womwe umayambira m’timisasa totere umatchedwa MALT lymphoma, ndipo anaufotokoza koyamba mu 1983 ndi akatswiri awiri a ku Southampton ku England, Peter Isaacson ndi Dennis Wright. Mu 1991 Andrew Wotherspoon ndi anzake ku London anaunika odwala 110 a khansa imeneyi ndipo anapeza Helicobacter mwa 92 pa 100 alionse.

Ndiye mukuona pomwe pagona vuto. Kutupa wamba ndi khansa zonse zimamera m’munda umodzi, mbewu yake imodzi, woyambitsa mmodzi.

Amasiyanitsa bwanji?

Choyamba, si ndi ululu. Wodwala MALT lymphoma amadandaula zomwezo za wina aliyense wa ma ulcers: chilungulira, nseru, kukhuta msanga. Si ndi kamera yokhanso. Khansayi nthawi zambiri sioneka ngati chotupa chachikulu ayi, imangooneka ngati kufiira, tizilonda, kapena makwinya okhuthala. N’chifukwa chake amatsina tinyama, ndipo akakayikira amatsina tambiri, malo osiyanasiyana, poti khansayi imamera patalipatali. Ukatsina pamodzi pokha ukhoza kuiphonya.

Yemwe amagamula mlandu ndi dokotala yemwe wodwala samuona n’komwe, wopima tinyama pa maikulosikopu. Amadula kanyamako mopyapyala kuposa pepala, n’kukapaka utoto, n’kuyamba kuyang’ana zinthu zingapo.

Amayang’ana dongosolo. Taganizirani asodzi obwera nyengo ya usipa. Amamanga zisakasa zawo pamchenga, malire ake ooneka, ndipo midzi ya eni dera saikhudza. Kamsasa kabwino kamakhala chimodzimodzi: kozungulira bwino, pakati powala pomwe asilikali akuphunzitsidwa ndi kuchulukana, kunja kwake mkombero wakuda wa maselo ang’onoang’ono, kenaka malire. Pakati pa kamsasa ndi kamsasa, chifu chimaoneka chifu. Mu lymphoma malire aja amasowa. Maselo a m’mphepete mwa msasa amasefukira ponseponse ngati namasupuni, kudzadza mipata yonse, kulowa pansi m’khoma la chifu mozama kuposa pomwe kutupa wamba kumafika, nthawi zina mpaka kubwerera kukalanda pakati pa msasa womwe anachokera.

Amayang’ananso tizitsime. Khoma la chifu lili ndi tizitsime tambirimbiri totulutsa asidi ndi madzi ogaya chakudya. Pa kutupa wamba asilikali amazungulira tizitsimeti, mwina mmodzi kapena awiri kulowamo, koma chitsime chimakhalabe chilili. Pa lymphoma amalowamo m’magulu, atatu kapena kuposa, n’kugumula khoma lake mpaka chitsime kutha. Uku ndiye kuchoka pamchenga n’kukathyola zitseko za eni mudzi. Pa pepala zimenezi amalemba kuti lymphoepithelial lesions, ndipo zikachuluka ndi umboni wolemera kwambiri.

Kenaka nkhope. Pa Kamuzu Road tsiku la msika mumaona anthu amitundumitundu, aatali, aafupi, achikulire, ana. Kutupa wamba kumakhala choncho: maselo osakanikirana, aliyense ndi ntchito yake. Tsono mutafika pamsika n’kupeza anthu onse nkhope imodzi, msinkhu umodzi, mungadziwe kuti pali chachilendo. Khansa ndi ana a selo limodzi, ndiye amafanana. Pofuna kutsimikiza, labotale imagwiritsa ntchito utoto wapadera womwe umamatirira mtundu umodzi wokha wa maselo. Wina wotchedwa CD20 umaonetsa asilikali a gulu la B, omwe ndi omwe amasanduka MALT lymphoma, ndipo CD3 umaonetsa a gulu la T. Palinso zizindikiro ziwiri, kappa ndi lambda. Selo lililonse la B limanyamula chimodzi mwa ziwirizi. Pa kutupa wamba zonse ziwiri zimapezeka mosakanikirana, koma zikapezeka kuti pafupifupi onse anyamula chimodzi, ndiye kuti ndi a bambo mmodzi.

Kumalo komwe kuli zipangizo amapima mpaka DNA ya maselowo kuti aone ngati ndi a kholo limodzi. Koma ngakhale kupima kodulaku sikugamula pakokha, chifukwa nthawi zina kumaonetsa kagulu kofanana mwa munthu yemwe ali ndi kutupa wamba. Diso la katswiri pa maikulosikopu ndi lomwe limakhalabe patsogolo.

Ndipo apa ndi pomwe ndinawalemekezera anthu amenewa: anavomereza okha kuti pali malo apakati pomwe munthu sangalumbire. Mu 1993 Wotherspoon ndi anzake anakonza sikelo ya 0 mpaka 5 yomwe ikugwirabe ntchito. Pa 0 chifu chili bwino. Pa 1 pali kutupa. Pa 2 pali kutupa ndi timisasa tambiri tooneka bwino, apa ndi pomwe panali alamu anga. Pa 5 ndi lymphoma yosakayikitsa. Koma 3 ndi 4 ndi zokayikitsa: 3 akuti mwina ndi kutupa chabe, 4 akuti mwina ndi lymphoma. Pepala lanu likakhala ndi mawu ngati atypical kapena suspicious, n’kukuuzani kuti mubwerenso adzatsinenso, sikuti akukuzunzani kapena asokoneza zotsatira. Ndi mmene nthendayi ilili. Kubwererako ndi mbali ya kupima komweko.

Ndikudziwa, kunena n’kosavuta. Kuchoka ku Lifuwu kapena ku Khombedza kufika pa boma, kenaka makilomita pafupifupi 100 a msewu wa M14 kukwera mapiri mpaka Lilongwe, thiransipoti ya anthu awiri, chakudya, geni itaima. Ambiri ululu ukangochepa ulendo wachiwiri amausiya. Koma pa nthenda iyi ulendo wachiwiriwo ndi womwe umapulumutsa, ndipo chifukwa chake ndi ichi.

Khansa yomwe imamva maantibayotiki

Mu kafukufuku wa 1993 uja, odwala 6 a MALT lymphoma anangopatsidwa mankhwala opha Helicobacter, osachitidwa opaleshoni, osalandira mankhwala a khansa. Mwa 5 khansayo inazimirira. Zinadabwitsa dziko lonse, koma kafukufuku wambiri wotsatira anatsimikiza: ikapezeka isanafalikire, pafupifupi odwala atatu mwa anayi alionse amachira pongopha bakiteriya.

Chinsinsi chake n’chakuti poyamba maselo olakwikawa sadziimira paokha. Amadalirabe phokoso la nkhondo, uthenga wochokera kwa asilikali anzawo a gulu la T omwe akulimbana ndi Helicobacter. Mdani akachoka, uthenga umaleka, iwo n’kufota ngati moto wosasonkhezera. Sizichitika tsiku limodzi. Zimatenga miyezi, nthawi zina chaka kapena kuposa, ndipo wodwala amayenera kuunikidwanso ndi kamera kangapo. Ena samva mankhwalawa, makamaka omwe maselo awo ali ndi kusokonekera kwina kwa chibadwa komwe akatswiri amakulemba kuti t(11;18), kapena omwe khansa yalowa kale mozama ndi kufika m’anabere. Amenewo amathandizidwa ndi kuwotcha kwa radiotherapy kapena mankhwala monga rituximab ndi chlorambucil, ndipo ambiri amakhala zaka zambiri. Kudula chifu, komwe kale kunali kofala, masiku ano sikuchitikachitika pa nthendayi.

Ikalekereredwa ikhoza kusanduka mtundu wina waukali, wothamanga, wotchedwa diffuse large B-cell lymphoma, womwe umafuna mankhwala amphamvu a khansa. Mtundu waukaliwu umabweranso pawokha, ndipo kuno kwathu umaoneka kwambiri mwa anthu omwe ali ndi HIV.

Tisasokonezenso ndi lymphoma ina yomwe ife a kunyanja timaidziwa bwino, ija yotupitsa nsagwada kapena mimba ya mwana m’milungu yochepa. Imeneyo ndi Burkitt lymphoma, dzina la dokotala Denis Burkitt yemwe anaifotokoza ali ku Uganda mu 1958, ndipo mu 1961 anayenda ulendo wautali pagalimoto, kudutsanso m’Nyasaland muno, kufufuza komwe imapezeka. Inapezeka kuti imakonda madera otsika, otentha, a malungo ambiri, ngati athu ano. Iyo sigwirizana ndi Helicobacter, ndipo sidikira: mwana akatupa chotero, kuchipatala tsiku lomwelo.

Kodi kuno kwathu kupima kumeneku kulipo? Kamera ya m’chifu imapezeka m’zipatala zazikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo njira yake ndi kalata yochokera ku chipatala cha boma. Labotale yopima tinyama ku Kamuzu Central inatsegulidwa mu 2011 mogwirizana ndi UNC Project, ya yunivesite ya North Carolina ku America. Kale tinyama ta chigawo chapakati tinkayenda ulendo wa ku Blantyre. Akatswiri athu monga Dr George Liomba ndi Dr Tamiwe Tomoka agwira ntchito yaikulu pamenepo, makamaka pa ma lymphoma, ndipo zokayikitsa amazijambula n’kukambirana pa intaneti ndi anzawo a ku Chapel Hill. Utoto wapadera ngati CD20 ndi CD3 amaugwiritsa ntchito. Akatswiri otere m’dziko muno ndi owerengeka pa zala, n’chifukwa chake zotsatira zimatenga nthawi.

Mbali yathu

Apa ndilankhule mosapsatira, chifukwa mbali yomwe timalakwitsa ndi yathu. Mankhwala opha Helicobacter si piritsi limodzi. Kawirikawiri amakhala atatu pamodzi: wochepetsa asidi monga omeprazole, ndi maantibayotiki awiri, mwa amoxicillin, clarithromycin ndi metronidazole uja timamuti Flagyl, kumwa tsiku lililonse mpaka masiku omwe adokotala anena, nthawi zambiri 14. Amawawa mkamwa, ena amatsegula nawo m’mimba, ndipo Flagyl sayanjana ndi mowa ngakhale pang’ono. Ndiye munthu amamwa masiku anayi, ululu waleka, otsalawo wasungira mkazi wake. Bakiteriya wotsalayo amakhwima, ulendo wina mankhwala omwewo osagwiranso. Flagyl makamaka, poti timamumwa pa kalikonse ka m’mimba, m’maiko ambiri a mu Africa Helicobacter anamuzolowera kale.

China ndi omeprazole wogula tokha. Amaziziritsa ululu, inde, koma sapha kachiromboka, ndipo akhoza kubisa nthenda yoopsa kwa miyezi. Amasokonezanso kupima: ngati mukukapimitsa chimbudzi kapena kuunikidwa ndi kamera, nenani zomwe mwakhala mukumwa, poti nthawi zambiri amafuna kuti papite milungu iwiri musanamwe omeprazole ndi milungu inayi musanamwe maantibayotiki. Kupima magazi kumangoonetsa kuti munakumanapo ndi kachiromboka, ndipo kumaonetsabe choncho ngakhale mutachira, ndiye sikungakuuzeni ngati mankhwala agwira. Chomwe chimanena zoona mukamaliza mankhwala ndi kupima chimbudzi, patatha milungu inayi kapena kuposa. Omwe mumamwa ma ARV kapena mankhwala a TB, auzeni adokotala asanakulembereni, chifukwa ena mwa mankhwalawa amalimbana. Ndipo anzanga okoka makoka ndi opalasa kabaza, bulufeni, diclofenac ndi indosidi omwe mumameza pamimba yopanda kanthu aja amaboola chifu paokha, bakiteriya alipo kapena palibe.

Pali zizindikiro zomwe si za kugolosale. Kusanza magazi, chimbudzi chakuda bii ngati phula la pamsewu, kuonda popanda chifukwa, kuyera m’maso ndi m’manja kosonyeza kuchepa magazi, kusanza chilichonse chomwe mwadya, chotupa chogwirika m’mimba, thukuta lonyowetsa zofunda usiku, kapena ululu wam’mimba woyamba kumene mwa munthu wachikulire. Nsima ikayamba kukakamira pakhosi kapena pachifuwa, musadikire n’komwe, chifukwa Malawi ndi limodzi mwa maiko omwe khansa ya kummero ndi yochuluka kwambiri pa dziko lonse. Zoterezi pitani ku chipatala cha boma, ndipo funsani ngati n’kofunika kukutumizani ku kamera.

Mukalandira pepala la ku labotale, musatuluke m’chipinda musanafunse mafunso atatu: apeza Helicobacter kapena ayi, zomwe aonazo ndi kutupa chabe kapena pali chokayikitsa, ndipo ndibwerenso liti. Pepalalo lisungeni pamodzi ndi buku la kuchipatala, poti yemwe adzakuoneni chaka chamawa adzafuna kufananiza.

Alamu anga tinabwerera nawo kwa adokotala, ine ndi achemwali, pepala lili m’manja. Anatiwerengera mzere ndi mzere mpaka pomwe panalembedwa kuti sanapeze chizindikiro cha khansa, mzere womwe mwana uja anaudumpha pothamangira ku Google. Mankhwala amaliza Lachiwiri lapitali, akudandaula kuti mkamwa mukumveka ngati anyambita msomali ndiponso kuti milungu iwiri yopanda kabotolo inali yaitali kuposa chaka. Tsiku lokapimitsa chimbudzi achemwali alilemba ndi makala kuseri kwa chitseko. Njinga yamoto sinagulitsidwe, ndipo dzulo m’mawa inali pa Senga Bay, itamangidwa matumba awiri a usipa.